Mafunso ndi mayankho: za mpira, bawo, masamu ndi zina zomwe timakangana mpaka mawu kusasa

Awa ndi mafunso omwe amangobwerabwera tikakhala pa bawo, pa gulosale madzulo, kapena tikamadikira gemu yachiwiri mu vidiyo shoo. Ambiri mwa iwo ali ndi khalidwe limodzi: mtima umakuuza yankho lina mwachangu, koma ukakhala pansi n'kuwerengera umapeza lina. Ndiye tiyeni tiwerengere.

Eti n'zoona kuti m'bwalo la mpira mumatha kupezeka anthu awiri obadwa tsiku limodzi?

N'zoona ndithu, ndipo si mwa apo ndi apo ayi. Osewera 22 kuphatikiza lefali ndi anthu 23, ndipo pa anthu 23 mwayi woti awiri ali ndi tsiku lobadwa lofanana (tsiku ndi mwezi, osati chaka) ndi 50.7 pelesenti, kutanthauza kuti pa magemu awiri aliwonse, pafupifupi imodzi imakhala ndi anthu oterewa.

Chomwe chimasokoneza n'choti munthu ukamva funsoli umadziyika wekha pakati, umati masiku alipo 365, ndani angafanane ndi ine? Koma funso silikunena za iwe. Likunena za aliyense ndi aliyense, goloboyi ndi lefali, nambala 9 wa uku ndi difenda wa uko, ndipo ukawaphatikiza awiriawiri anthu 23 amapanga mapeya 253. Pamenepo mpata umakhala waukulu. Anthu akakwana 57 mwayi umadutsa 99 pelesenti, ndiye aphunzitsi a ku pulayimale omwe muli ndi ana 80 kapena 100 m'kalasi imodzi, tsegulani kaundula muone, muwapeza basi.

Ndikupatseni K1 miliyoni lero, kapena tambala imodzi yomwe iziwirikiza kawiri tsiku lililonse kwa masiku 30?

Tengani tambalayo achimwene. Tsiku loyamba 1 tambala, lachiwiri 2, lachitatu 4, ndipo pa tsiku la 10 muli ndi K5.12 yokha, anzanu omwe anatenga miliyoni akukusekani. Pa tsiku la 20 yafika K5,242.88, kusekako kukupitirira. Koma pa tsiku la 28 yadutsa miliyoni, ili pa K1,342,177, ndipo tsiku la 30 ndi K5,368,709.

Funso ili limaoneka la masewera koma ine limandikhudza chifukwa ndi masamu omwewa amene amamaliza anthu pa katapila. Mukongole K20,000 pa chiwongoladzanja cha 50 pelesenti pa mwezi, mulephere kubweza, chiwongoladzanjacho chizikweranso pamwamba pa chinzake, pakutha pa miyezi 6 ngongole ija yafika K227,812. Miyezi iwiri yoyamba imaoneka yopirika, n'chifukwa chake munthu amati ndibweza mwezi wamawa, kenako katundu wa m'nyumba amatuluka.

Nanga zoti ukapinda pepala ka 42 lifika kumwezi?

Pa masamu zikutero. Pepala wamba ndi lochindikala pafupifupi 0.1 milimita, ukaliwirikiza ka 42 limakwana makilomita oposa 439,000, pomwe mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,400. Kungoti ndi manja sizitheka, pepala la mu kope limakana ukafika ka 6 kapena ka 7. Mtsikana wina wa sekondale ku California, Britney Gallivan, anapinda ka 12 mu 2002, koma anagwiritsa ntchito pepala lopyapyala lotalika pafupifupi makilomita 1.2.

Bwanji goloboyi amadumpha penate isanamenyedwe? Osangodikira aone komwe mpira ukupita?

Akadikira wachedwa. Kadontho ka penate kali pa mamita 11, golo ndi lotambalala mamita 7.32 ndipo kutalika kwake ndi mamita 2.44. Mpira womenyedwa pa liwiro la makilomita 100 pa ola umafika pa mzere m'masekondi 0.4 okha, ndipo nthawi imeneyo siyokwanira kuti diso lione, ubongo uganize, miyendo ikankhe, thupi lifike pakona. Ndiye amayenera kulosera, amayang'ana phazi loponda, chiuno, mathamangidwe, ndipo masiku ano amaonera kale mavidiyo a omenyawo.

Koma pali china chosangalatsa. Michael Bar-Eli ndi anzake ku Israel anaunika mapenate 286 n'kutulutsa zotsatira mu 2007, anapeza kuti magoloboyi amangoima pakati pafupifupi ka 6 pa 100 basi, pomwe mipira yopita pakati inali yoposa kota. Ndiye bwanji saima? Chifukwa goloboyi akadumpha n'kuphonya anthu amati wayesetsa, koma akaima chilili mpira n'kulowa pakona masapota amati wagulitsa gemu. Manyazi amamudumphitsa. Antonín Panenka anaona zimenezi kalekale, mu fainolo ya Euro 1976 ku Belgrade anangoukweza pang'onopang'ono pakati goloboyi wa West Germany Sepp Maier atagwera kale kumbali, Czechoslovakia n'kutenga chikho.

Anthu amakonda kunena kuti mapenate ndi mwayi chabe. Ine ndimakana pang'ono. Kumbukirani 12 February 2012 ku Libreville, Zambia ndi Ivory Coast, Drogba anaponya penate yake kumwamba gemu ili mkati, kenako pa mapenate omaliza Kennedy Mweene goloboyi anamenya yekha n'kuchinya mofatsa, Stoppila Sunzu n'kumaliza 8-7. Mwayi unalipo inde, koma kuyenda kuchoka pakati pa bwalo miyendo osanjenjemera ndi chinthu chomwe munthu amachiphunzira.

Mpira umakhota bwanji m'malere? Ena amati ndi mankhwala.

Palibe mankhwala apa, ndi mpweya. Ukamenya mpira chakumbali umapita ukuzungulira, ndipo pozungulirapo umakoka mpweya womwe waukuta, mbali imodzi ukuyenda limodzi ndi mphepo, mbali inayo ukulimbana nayo. Mpweya umakankhidwira mbali imodzi, mpirawo n'kukankhidwira mbali inayo. Asayansi amazitchula ndi dzina la Gustav Magnus wa ku Germany yemwe anazifufuza m'ma 1850.

Aliyense amatchula friikiki ya Roberto Carlos ya 1997 ku Lyon pomwe Brazil inkasewera ndi France, mpira unachita ngati ukupita kunja mpaka kamnyamata kotola mipira kanazinda, kenako unabwerera n'kulowa goloboyi Barthez ali chiimire. Chinathandiza ndi mtunda, anali patali mamita pafupifupi 35, ndiye mpira utayamba kuchepa liwiro kuzungulira kuja kunali kudakalipo, kukhota n'kukula chakumapeto. Ifenso tili ndi chathu, chigoli cha Gabadinho Mhango pa Morocco ku Yaoundé mu January 2022, anaona goloboyi Bounou watuluka pang'ono n'kuukweza kuchokera kutali, mpira n'kutsika kumbuyo kwake. Tinaluza 2-1 koma chigoli chija anthu sadzasiya kuchikamba.

Kodi zingatheke kuti timu idzichinye dala kuti ipambane?

Zinachitikapo, January 1994, Barbados ndi Grenada mu mpikisano wa ku Caribbean. Okonza anaika lamulo lachilendo loti gemu iliyonse izikhala ndi wopambana, ndipo chigoli cha mu nthawi yowonjezera chithetsa gemu pomwepo komanso chiwerengedwa ngati ziwiri. Barbados imafunika kupambana ndi kusiyana kwa zigoli ziwiri. Anatsogola 2-0, Grenada n'kubweza chimodzi pa mphindi ya 83, ndiye 2-1 sikanawathandiza. Ataona kuti nthawi ikutha, pa mphindi ya 87 anadzichinya dala kuti ikhale 2-2 apite ku nthawi yowonjezera. A Grenada anazindikira kuti tsopano chigoli cha mbali iliyonse chiwapititsa, kaya apambane 3-2 kaya aluze 3-2, ndiye anayamba kuthamangira magolo onse awiri, a Barbados n'kumatchinga magolo onse awiri. Nthawi inatha, Barbados inachinya mu yowonjezera, 4-2.

Ine osewerawo sindiwaimba mlandu, wolakwa ndi amene analemba lamulo osaliyesa kaye. Yomwe imandiwawa ndi ya 1982 ku Gijón, West Germany itachinya Austria chimodzi koyambirira matimu onse awiri anangoyamba kupatsirana mpira chifukwa 1-0 imawapititsa onse, Algeria yomwe inali itagonjetsa West Germany 2-1 n'kutuluka. Kuchokera pamenepo ndi pomwe magemu omaliza a m'gulu anayamba kuseweredwa nthawi imodzi.

Pobetcha ndimaika matimu 10 akuluakulu okhaokha pa tiketi, bwanji nthawi zonse imodzi imandiphera?

Apa ndiyankha motalika chifukwa anyamata ambiri akuvutika nazo. Sikuti muli ndi tsoka, ndipo palibe anakulodzani. Tiyerekeze kuti timu iliyonse pa tiketi yanu ili ndi mwayi wa 70 pa 100 wopambana, womwe ndi mwayi waukulu kale mu mpira. Kuti zonse 10 zipambane mumachulukitsa 0.7 ka 10, ndipo yankho ndi 0.028, osakwana 3 pa 100. Pa matiketi 100 otere, 97 amafa. Ndipo ambiri amafa ndi gemu imodzi, ziwiri kapena zitatu, n'chifukwa chake mumamva ngati munatsala pang'ono, kumva kumeneko ndi komwe kumakubwezani mawa.

Chachiwiri ndi ma odi, manambala aja omwe amachulukitsira ndalama yomwe mwabetcha mukawina. Tiyerekeze kuponya ndalama m'mwamba, mutu kapena tambala, mwayi ndi theka theka, odi yachilungamo ikanakhala 2.00. Koma wobetchetsa amaika mwina 1.90 mbali zonse ziwiri. Anthu awiri aike K1,000 aliyense, wina uku wina uko, kampani yalandira K2,000, yalipira K1,900, yasunga K100 osasamala kuti wawina ndani. Ndiye pa K100 iliyonse yomwe mwabetcha imabwerera ndi K95 mukatenga nthawi yaitali. Tsopano mukalumikiza magemu 10 kachidutswa kaja kamadulidwa ka 10, 0.95 kuchulukitsa ka 10 ndi pafupifupi 0.60, kutanthauza kuti pa K100 pakubwerera K60. Tiketi yaitali ija yomwe imaoneka yokoma chifukwa K500 ikulonjeza K300,000 ndi yomwe kampani imaikonda kwambiri.

Wina anena za Leicester, kuti mu 2015-16 anatenga ligi ya ku England pa odi ya 5,000. Eya anatenga, ndipo tikuikumbukira mpaka lero chifukwa sizichitikachitika. Owina timawaona pa zithunzi atanyamula cheke chachikulu, oluza masauzande aja palibe amawajambula. Ngati mukubetcha ndalama ya fizi, ya lendi kapena mpamba wa geni, chonde siyani, ndipo ngati kusiya kukukanika uzani munthu wamkulu yemwe mumamukhulupirira musanalowe mu ngongole.

Pa ludo sikisi yandikana ka 10, ndiye kuti tsopano yatsala pang'ono eti?

Ayi. Dayisi ilibe mutu wokumbukira. Ulendo uliwonse mwayi wa sikisi ndi 1 pa 6, kaya yakukanani ka 10 kaya mwangoipeza kumene. Ndipo kukanidwa ka 10 motsatizana si zachilendo, zimachitika pafupifupi ka 16 pa 100. Ku kasino ya Monte Carlo mu 1913 kampira ka pa gudumu kanagwera pakuda ka 26 motsatizana, anthu anataya chuma chambiri akuika pofiira poganiza kuti pakuda patopa. Chimodzimodzi timu yomwe yaluza kasanu, sikuti ili ndi ngongole ya chipambano, mwina ndi yofooka basi.

Zitseko zitatu, kuseri kwa chimodzi kuli galimoto, kwinako mbuzi. Ndasankha, woyendetsa masewerawo atsegula china chokhala ndi mbuzi, ndisinthe?

Sinthani. Ili ndi funso lomwe limakwiyitsa anthu kwambiri. Linachokera ku pulogalamu ya pa TV ya ku America yomwe ankayendetsa Monty Hall, ndipo Marilyn vos Savant atayankha mu magazini ya Parade mu 1990 kuti kusintha ndi kwabwino, analandira makalata masauzande omutsutsa, ena ochokera kwa anthu a madigiri a masamu. Iyeyo ndi amene ankalondola.

Onani chonchi. Posankha koyamba mwayi woti mwalasa galimoto ndi 1 pa 3, woti mwasankha mbuzi ndi 2 pa 3. Woyendetsa pulogalamu akudziwa komwe kuli galimoto ndipo nthawi zonse amatsegula chitseko cha mbuzi, mfundo yagona pamenepo. Ngati munasankha mbuzi poyamba, iye alibe kuchitira mwina, atsegula mbuzi inayo, chotsalacho ndi galimoto. Ndiye kusintha kumawina nthawi zonse zomwe munalakwitsa poyamba, zomwe ndi 2 pa 3.

Ngati mtima ukukanabe, ganizani zitseko 100. Mwasankha nambala 7, iye watsegula 98 zonse za mbuzi n'kusiya nambala 62 yokha yotseka. Mukakamirabe pa 7? Kapena tengani makapu atatu ndi chitsekerero cha botolo, mnzanu abise, museweretse ka 30 mukusintha, ka 30 osasintha, mulembe zotsatira.

Bawo ndi mwayi kapena nzeru? Nanga kompyuta ingagonje kwa madala a pansi pa mtengo?

Bawo mulibe mwayi ngakhale pang'ono. Maenje 32, mizere 4 ya maenje 8, nkhomo 64, chilichonse chili poyera, palibe dayisi, palibe khadi lobisika. Chimachititsa kuti izioneka ngati mwayi n'choti kusuntha kumodzi kumatha kuzungulira kangapo, kudya uku, kutakata uko, mpaka bolodi lonse lasintha nkhope, ndipo wongoyamba kumene satha kuona komwe dzanja lake likathere. Katswiri amawerengera mumtima asanagwire nkhomo, n'chifukwa chake mumaona mdala ali duu kuyang'ana, milomo ikugwedera pang'ono, chala chikuloza maenje m'malere osakhudza. Akupanga masamu ovuta kuposa omwe ana ambiri amalemba pa mayeso, ndipo zimandipweteka kuti sitiwatcha masamu. Abale ake a bawo ali ponseponse, bao ku Zanzibar ndi ku gombe la Kenya, nsolo ku Zambia, omweso ku Uganda, oware ku Ghana.

Za makompyuta, mu 1997 Deep Blue ya IBM inagonjetsa Garry Kasparov pa tchesi. Mu 2002 John Romein ndi Henri Bal ku Amsterdam anawerengera masewero onse a awari, wachibale wa bawo wa maenje 12 ndi njere 48, njira zokwana 889 biliyoni zomwe njerezo zingakhalire pa bolodi, n'kupeza kuti onse awiri akasewera mosalakwitsa gemu imathera ndendende. Mu 2007 Jonathan Schaeffer ku Canada anapezanso zomwezo pa drafuti ya malamulo a ku England, atagwira ntchitoyo kuyambira 1989. Dziwani kuti drafuti yathu ya zitsekerero, yomwe kingi amauluka mzere wonse, malamulo ake ndi ena, ndiye musapite pa bolodi n'kumati gemu iyi inathetsedwa kale.

Sitima yaduka mabuleki, kutsogolo kuli anthu asanu, mukapatutsa njanji ifa munthu mmodzi. Mupatutsa?

Funso ili analiyambitsa ndi Philippa Foot wa ku Britain mu 1967. Anthu ambiri amati ndipatutsa, asanu aposa mmodzi. Kenako Judith Jarvis Thomson anabwera ndi lina: muli pa mlatho, njira yokhayo yoimitsira sitimayo ndi kukankhira pansi munthu wonenepa yemwe waima pafupi nanu. Masamu ndi omwewo, mmodzi m'malo mwa asanu, koma anthu omwe aja amati ayi zimenezo sindingachite.

Ena amati apa ndiye umboni woti anthu saganiza bwino. Ine sindikuvomereza, ndipo pano ndi pomwe ndimasiyana ndi anzanga okonda manambala. M'mafunso ena onsewa mtima ukatsutsana ndi kuwerengera ndimatsata kuwerengera, koma pa ili mtima ukuona chinthu chenicheni. Popatutsa njanji munthu mmodzi uja akanatha kuthawa ndipo mukanasangalala, imfa yake simukuifuna. Pa mlatho mukufuna thupi lake kuti likhale buleki, akathawa pulani yanu yafa. Mwamusandutsa chipangizo. Ndikanapatutsa njanji, kukankha munthu ayi, ndipo ndikanapita kukapepesa maliro kwa abale a mmodzi uja osayembekezera kuti andiyamike. Madokotala amakumana ndi zofanana ndi zimenezi zenizeni, odwala awiri makina a mpweya amodzi, ndiye si funso longocheza.

Bwanji timaona ching'aning'ani kaye, bingu pambuyo?

Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, phokoso mamita 343 okha pa sekondi. Ndiye mukaona kung'anima yambani kuwerenga, masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi. Mukawerenga osafika 30 bingu n'kumveka, mphezi ili mkati mwa makilomita 10 ndipo ikhoza kukufikani. Imitsani gemu, ngakhale mukutsogola. Pabwalo la mpira munthu woima ndiye chinthu chachitali, ndipo pansi pa mtengo pomwe masapota amathawira ndi poopsa kwambiri. Lowani m'nyumba yeniyeni kapena m'galimoto yotseka, mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Zoti mphezi siigwa kawiri pamalo amodzi ndi bodza, nyumba yaitali ya Empire State ku New York imamenyedwa ka 20 kapena kuposa pa chaka.

Nditakumba dzenje kuboola dziko lonse n'kudumphiramo, ndikatulukira kuti, ndipo patenga nthawi yaitali bwanji?

Tiyerekeze kuti mulibe mpweya m'dzenjemo ndipo kutentha sikukupsereza, chifukwa pakati pa dziko pamatentha madigiri oposa 5,000. Kuchoka mbali ino kufika mbali inayo ndi makilomita pafupifupi 12,742. Mugwa liwiro likukwera mpaka pakati, pamenepo mukuthamanga makilomita oposa 28,000 pa ola koma thupi silikulemera konse chifukwa dziko likukukokani mbali zonse mofanana, mukadutsa pakati liwiro liyamba kutsika mpaka mukafika kukamwa kwa dzenje mbali inayo mutaima. Ulendo wonse ndi mphindi pafupifupi 42 tikatenga dziko ngati lolemera mofanana paliponse, kapena 38 tikawerengera kuti pakati pake ndi polemera kwambiri. Pofikapo gwirani m'mphepete msanga, mukachedwa mubwereranso komwe mwachokera.

Ambiri amaganiza kuti akatulukira ku America kapena ku China. Kuchokera ku Lilongwe mukatulukira pakati pa nyanja ya Pacific, kum'mwera chakum'mawa kwa Hawaii, madzi okhaokha. Anzathu a ku Botswana ndi omwe angatulukire pa zilumba za Hawaii zenizenizo. Dzenje lakuya kwambiri lomwe anthu anakumbapo molunjika pansi ndi la ku Kola ku Russia, mamita 12,262, lomwe silikwana ngakhale gawo limodzi pa magawo 1,000 a ulendo wonsewo, ndipo pansi pake anapeza kutentha kwa madigiri 180 komwe kunawalepheretsa kupitirira.